Sipanala yodziwa polekera

Lachitatu, mwezi wa Okutobala

Dzuwa linaswa mtengo lero, koma sindinalimve n'komwe. Bwana injiniya wa pa esiteti anatiitana ine ndi alamu anga a Zuze kushedi kumene akupanga kandege kawo. Dzulo a Zuze anamanga mabawuti a phiko mmene timamangira a thirakitala: kulowetsa payipi kusipanala n'kuponda ndi mwendo mpaka bawuti ilire.

M'mawa wonse tinali pa ntchito yomasula. Kuthira mafuta, kugogoda pang'onopang'ono, kudikira. Imodzi itatuluka, bwana anaiika padzanja langa. Chitsulo chenicheni, koma pakati chitaonda ngati khosi la kakowa!

"Nanga si ndimafuna ilimbe, alamu," anandinong'oneza a Zuze.

"Ikanadukira m'mwamba imeneyi," anatero bwana, osakalipa.

Kenako anatulutsa m'bokosi sipanala yaitali ya manambala pachigwiriro, nati ndikoke mofatsa pa bawuti yatsopano. Ndikukoka, ndinangomva "kha!" m'manjamu. Akuti yakwana basi. Mkono unali usanayambe n'komwe ntchito, chitsulo chati leka. A Zuze anagwira pakamwa n'kungoti m'chikwathu, "Pyadidi," ndiye kuti zabwino.

Pobwerera, anyamata ofunsa makhadi a chipani anachita kundikuwira, maganizo anga ali kumwamba. Munthu adzauluka pamwamba pa Shire, pamwamba pa minda ya thonje ya kwa Mlolo, atadalira mabawuti amene ndawasiya mphamvu zikadali mumkonomu.

Bwana akuti tsiku loyesa andikweza. Ndavomera. Mayi a ana sindinawauze, poti akangomva kuti sindinamangitse kwenikweni...