Belu Lapita, Tipulumutseko Mutu wa Quincy

Marlow Bend, Alabama
Lachiwiri m'mawa

Wokondedwa mwana wanga Roland,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Dakota, iwe, mkazi wako Tamika ndi kamdzukulu kanga Noelle. Ndikumva kuti chisanu chayamba kale kuluma. Uzivala magolovesi ndinakutumizira aja, usamaonetse chamuna pa zitsime za mafutapo. Ine thupi lilibe vuto, kupatula bondo lija. Mtima ndiye ayi.

Kuyambira Loweruka sukuyankha foni yanga. Ndikudziwa kuti masewero aja a mpira wachimereka unaonera, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwanso chimene chakutseka pakamwa. Choncho ndalemba pamanja. Mwana wa Mayi Verlene, aneba athu, ajambula n'kutumiza pa foni ya Tamika, ndipo Tamika wandilonjeza kuti akuikira pafupi ndi mbale yako. Uwerenge mpaka kumapeto. Nkhani ndi ya mng'ono wako Quincy, ndipo nthawi tilibe, chifukwa Lachinayi akamuyeza mutu.

Belu lija makoleji awiri amalimbirana pa mpira chaka ndi chaka lapita, zimenezo unaona. Chimene sunaone n'chakuti anyamata a koleji ya Tatum Ferry analikweza pa lole n'kuliyendetsa mumsewu waukulu, akuliimba mpaka pakhomo pa tchalitchi chathu. Belu lomwe lija unatibweretsera iwe uli woponya mpira wa timu, bambo ako akadali moyo. Amuna akuluakulu anaima m'makhonde akulira ngati pamaliro. Ine sindinalire belu, ndinali kuyang'ana mwana wanga.

Ndinakhala pamalo pathu paja. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Quincy anabwerera m'mbuyo kuti aponye, ndiye chimnyamata china cha adani chinamuwomba cham'mbali asanachione. Chisoti chake chinamenya pansi moti ndinachimva, ngakhale a malipenga anali pakalapakala kuimba. Anadzuka, anthu n'kuwomba m'manja. Koma atadzuka anayamba kulowera kwa adani, mpaka mnzake wina anamukoka malaya n'kumutembenuza.

Anamulowetsa m'katenti ka adokotala kaja ka m'mbali mwa bwalo. Posakhalitsa anatuluka atakweza chala chachikulu kusonyeza kuti ali bwino, bwalo lonse n'kusekerera. Kenako anaponyera adani mpira m'manja kawiri, mwana amene chaka chonse sanaphonye chotero. Basi, tinagonja.

Tauni yonse tsopano yasanduka makochi. Pa wailesi akungoimba mafoni. Wina ati, “Mnyamata wa a Pruitt uja watha ngati makatani, amukhazike pa benchi.” Wina ati, “Inu mukudziwa chiyani za mpira, munaponyapo ngakhale lalanje?” Kochi wa timu yathu, Bambo Haskell, wauza atolankhani kuti sanasankhe woponya pa masewero a chipulula a Loweruka likudzali. Akuti akhoza kukhala Quincy, akhozanso kukhala Wade Sorrell, kamnyamata ka chaka choyamba kaja. Akuti zitengera mayeso a adokotala.

Lamulungu ku tchalitchi a Dikoni Broussard anandigwira dzanja, ati, “Mlongo Odessa, tikupemphera usana ndi usiku kuti mnyamata wathu asalandidwe malo.” Ndinayankha ameni ndi pakamwa pokha. Ambuye andikhululukire, ine ndikupempha zosiyana. Ndagwirizana ndi zidakwa za pa wailesi zija. Ndikufuna mwana wanga amukhazike pa benchi, amufunditse bulangeti, aonere Wade akuponya.

Mvera chimene ndikuona m'nyumba muno. Quincy anabwera Lamulungu madzulo, ati ku hositelo kukuchuluka phokoso. Makatani onse watseka. Chitumbuwa cha mbatata chimene chinatsala pa chikondwerero cha Kuthokoza, chija mumalimbirana ngati agalu, wangochiyang'ana. Dzulo m'mawa ndinamumva akusanza kubafa atatsegula mpopi kuti ndisamve. Ndinalera anyamata awiri ine, mpopi sungandinamize.

Masana ndinamupeza pabalaza atavala magalasi akuda, akuonera kanema wa masewero aja, akubweza, akuonanso. Ndinamufunsa chifukwa chake akudzizunza. Anandiyang'ana, ati, “Sindikudzizunza, Amayi, ndikuloweza. Adokotala akandifunsa zimene zinachitika ndiyankhe.” Roland, chigawo chachiwiri chonse mulibe m'mutu mwake. Mipira iwiri imene tauni yonse ikumutukwanira, iye waionera pa kanema ngati mlendo.

Kenako anandipempha kuti ndimuyese. Akuti adokotala amauza munthu kutchula miyezi chobwerera m'mbuyo. Anayamba bwino, Disembala, Novembala, Okutobala. Atafika pa Ogasiti anaima. Milomo ikugwedezeka, mawu osatuluka. Mwana amene amasunga m'mutu buku lonse la masewero a timu anasowa Julaye.

Iye anangoseka, ati, “Musade nkhawa, Amayi, za miyezizi ndiloweza. Mayeso enieni ndi a pa kompyuta, ndipo amenewo ndinakhoza kalekale.” Ndinamufunsa kuti munthu angakhoze bwanji mayeso asanalembe.

Ndiye anandifotokozera, monyadira ngati wandigulira galimoto. Akuti masewero asanayambe chaka chilichonse amawayeza onse pa kompyuta mitu ili bwinobwino, n'kusunga zotsatira. Wina akagunda mutu amamuyezanso n'kufanizira ndi zoyamba zija. Zikafanana, ndiye kuti wachira, abwerere m'bwalo. “Ndiye ine pa zoyambazo ndinadzipusitsa dala,” anatero. “Ndinkachedwa kudina, ndinkaiwala mawu mwadala, koma osapitiriza kuti angandigwire. Lachinayi ndikungofunika kufanana ndi chitsiru chija basi. Roland ndi amene anandiphunzitsa. Anati woponya wanzeru amadzisiyira malo.”

Sindikukulembera kuti ndikuzenge mlandu. Ndikudziwa kuti nawenso anakuphunzitsa ena, ndipo unkaona ngati ukupatsa mng'ono wako chida. Koma chidacho chamuloza iye mwini. Mayi Verlene anagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo andiuza mosapsatira kuti ubongo ukagundidwanso usanapole, mnyamata wamphamvu amatha kugwa m'bwalo osadzukanso. Loweruka akukasewera ndi timu imene imadziwika ndi kusaka woponya.

Usaganize kuti ndangokhala manja lende. Ndinaimba ku ofesi ya adokotala a timu. Mayi amene anayankha anali waulemu ndithu. Anati Quincy ndi munthu wamkulu, sangakambirane nane za thupi lake, koma uthenga wanga aupereka, ndipo ndisadandaule chifukwa mayeso awo sanama. Ndinafuna kukuwa kuti mayesowo ndi amene ananamizidwa, koma mawu a mayi wamantha amamveka ngati mantha basi.

Quincy atamva kuti ndaimba, anaponya kapu kukhoma. Ati, “Amayi, chaka changa chomaliza chino. Ndikakhala pansi Loweruka, Wade atenga timu, ine ndidzafa ndili munthu amene anataya belu. Mukapitanso kwa anthu amenewo, nyumba ino simudzandionamonso.” Quincy wanga, amene sanayambe wandikwezera mawu. Patangopita kanthawi anabwera kudzandifunsa chimene chaswa kapu.

Amalume ako a Clement ati ndimusiye, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha m'manja. Ndinawayankha kuti chimene chifote apa si nyanga, ndi mutu wa mwana wanga, ndipo sindingasemenso wina. Anati akazi sitimvetsa mpira. Ndachapa mayunifomu a matope kuyambira iwe uli ndi mano a mkaka, ndakhala pa mabenchi ozizira m'matauni onse a chigawo chino, lero ndiye sindimvetsa mpira.

Ndasowa mtengo wogwira, Roland, watsala ndiwe. Mnyamatayu samva ine, samva abusa, samva adokotala. Amamva iwe. Wavala nambala yako pamsana, amamanga nsapato ngati iwe, ngakhale kulavula amalavula ngati iwe.

Ndikupempha kuti uimbire adokotala a timu iwe mwini. Akukudziwa, chithunzi chako chili pakhoma pawo. Uwauze kuti zotsatira zoyamba za Quincy n'zabodza, ndipo ukudziwa chifukwa unamuphunzitsa ndiwe. Iwe sangakuuze kuti uthenga aupereka. Ndikudziwa kuti ena m'tauni muno adzakutcha wopereka mnzake, ndipo mwina chithunzi chija adzachitsitsa. Achitsitse, ndidzachipachika kuchipinda kwanga.

Koma pali china chovuta kuposa chimenecho, ndipo usamukwiyire Tamika. Sanandiuze mwamiseche, anandiuza akulira. Ndikudziwa za mutu umene umakugoneka m'chipinda cha mdima Lamulungu lonse. Ndikudziwa za timapepala tamatidwa pa filiji ndi pa chiwongolero cha galimoto. Ndikudziwa kuti mwezi watha unapita kukatenga Noelle ku sukulu, n'kuima pa mphambano osadziwa kokhotera, pa msewu umene umayenda tsiku ndi tsiku. Ndikudziwanso kuti unamukalipira mwanayo mpaka anabisala kuseri kwa mpando, iwe amene sunkapha ngakhale kangaude.

Quincy amadziwa kuti unasiya mpira chifukwa cha bondo. Tonse tinamusiya akhulupirire zimenezo, chifukwa bondo ndi bala la ulemu, lotheka kulionetsa anthu. Muuze zoona. Muuze za mphambano ija. Akamva kwa ine adzati ndi mantha a amayi, koma akamva kwa iwe adzakhala pansi. Ndikudziwa kuti ndikukupempha kuti uvule pamaso pa mng'ono wako amene amakuona ngati chimphona. Ndikukupemphabe, mwana wanga, ndagwada.

Mwina adzakuda. Mwina Khirisimasi ino sadzakhala nafe patebulo. Ndalola. Munthu wokwiya amabwerera kwawo tsiku lina, bola akhale akukumbukira njira.

Bambo ako ankati belu limapita n'kubwera, ndipo zoona, ndaliona likuwoloka mtsinje wotilekanitsa ndi Tatum Ferry kangapo konse. Chaka chamawa Wade kapena mwana wa munthu wina adzalibweza, anthu adzavina mumsewu, ndipo dzina la Quincy sadzalitchula n'komwe. Ine ndi amene ndidzatsale naye m'nyumba ya makatani otseka.

Usadikire Lachinayi. Imba lero, ngakhale pa nthawi ya nkhomaliro. Ukachita manyazi kuyamba, ungomufunsa Quincy kuti akutchulire miyezi chobwerera m'mbuyo, udzimvere wekha.

Ambuye akusunge pa ntchito yako yoopsayo, akupepuzire mutu, akupatse mawu. Undiperekere moni kwa Tamika, umuuze kuti ndamuthokoza ndipo ndi mwana wanga weniweni. Noelle umupsompsone pamphumi, umuuze kuti agogo amusungira zidole za Khirisimasi. Mayi Verlene akupereka moni, amalume ako nawonso, ngakhale sitikulankhulana bwino.

Quincy nayenso akuti ndikupatse moni. Wandipeza ndikuyamba kalatayi, wafunsa amene ndikulembera, ndamuuza, ati, “Mumuuze mkulu wangayo kuti Loweruka aonere, ndimubwezera ulemu.” Pamene ndikumaliza pano walowanso, waima pakhomo ndi magalasi ake akuda, wafunsa amene ndikulembera.

Ndine mayi ako wokukonda,
Odessa