Nkhuku Zanu Musagulitse, Achemwali

Buguruni, Dar es Salaam
14 Meyi

Achemwali anga a Nyemo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mpwapwa. Kodi bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi lalema ndi kuyenda padzuwa.

Ndamva kuti mukufuna kugulitsa nkhuku zanu zonse chifukwa mtengo wa mazira watsika. Musatero. Mtengo umene bungwe la alimi limakutumizirani pa foni Lachisanu lililonse ndimaulemba ndine, ndipo ndazindikira kuti ngwabodza.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuzungulira magolosale makumi anayi, kufunsa eni ake ndalama zimene amagulira thireyi imodzi ya mazira. Sabata yatha a Kibwana, mkulu amene amaperekera mazira m'magolosalemo pa njinga, anandiimitsa pamsewu. Anandifunsa ngati kusukulu kwathuko anatiphunzitsa kufunsa fisi mtengo wa mbuzi. Akuti eni magolosale onse amadziwa kuti zimene ndimalemba zimakafika kwa alimi, choncho akandiona ndi cholembera amachotsapo shilingi zikwi ziwiri, kuti mlimi azibwera atagonja kale.

Ndinapita kwa a Massawe, a golosale imene ndimamwerako tiyi. Sanakane. Anangoseka, n'kunena kuti ine "profesa" ndinafunsa pakamwa ndipo pakamwa panayankha, koma manja sindinawafunse.

Ndalembera akuluakulu a bungwe kuti tisiye kufunsa, tiziona ndi maso ndalama imene ikuperekedwa mazira akamatsitsidwa. Ayankha kuti mawu a munthu mmodzi wapanjinga si umboni. Pamenepo sindingawatsutse, pakuti nanenso ndikanayankha chimodzimodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire mathireyi asanu pa basi ya Lolemba. A Kibwana akawagulitsa m'magolosale asanu osiyana, ine nditaima poteropo, cholembera nditachisiya kunyumba. Asanu ndi ochepa, ndikudziwa, koma ndi poyambira. Mtengo ukakhala wotsikadi ndidzakuuzani mosabisa, ndipo mudzagulitse nkhukuzo.

Lachisanu lino nditumizanso mtengo wochokera pakamwa pa anthu omwewo, poti lamulo silinasinthe. Alimi mazana atatu adzaukhulupirira. Amene ndakwanitsa kuchenjeza ndinu nokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Matonya ndi kwa ana onse.

Ndatha ine mlongo wanu,
Ndahani