Amuna anga akuonera chibale m'galimoto

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kunja kuno, ku Maryland. Amuna anga, a Morton, amakonda mafilimu akale a Chimwenye, aja banja lonse limakhala nyumba imodzi, mwana n'kumagwira mapazi a mayi ake. Akamaonera amalira misozi yeniyeni, munthu woti pamaliro a malume ake m'maso munali gwa.

Chaka chatha, filimu ina itatha, anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ellah, anzathuwa amachidziwa chibale. Ife tatayika." Ndinkayesa zocheza, koma anaitanadi abale awo. Pano m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri muli apongozi, alamu anga a Bester ndi akazi awo. Ana akugona pabalaza. Ndikaweruka kosambitsa agogo a eni, ndimapeza mbale zikundidikira.

Nanga eni ake chibalecho? Akuti m'nyumba mwachuluka phokoso, nyimbo sizikumveka bwino. Ndiye akaweruka amangokhala m'galimoto panja, n'kumaonera pafoni mpaka chakudya chipse. Tsiku lina ndinawapeza akusisima. "Taona mtengwa uyu," anatero, "akuphikira anthu onsewa uku akuimba."

Ndatopa, Aphungu, ndipo ndayamba kuipidwa ndi apongozi osalakwa. Kodi ndichoke?

E.M., Wheaton

Mayi E.M.,

Musachoke, nyumbayo ndi yanunso.

Mafilimuwo nanenso ndinawaonera. Amuna anu amaona zokhazo zowakomera. Mtengwa woimbayo amakhala ndi antchito kumbuyo, nyumba yake ngati tchalitchi. Ndipo mwana wamwamunayo amakhala pamapazi a mayi ake, osati m'galimoto.

Loweruka likubwerali ikani filimuyo pa TV pabalaza, aliyense aonere, apongozi pampando wabwino. Ikafika pamene mwana akugwira mapazi a mayi ake, muimitse, muwapatse bambowo beseni ndi thawulo. Musawonjezere mawu.

Kenako, muli awiri, auzeni mosapita m'mbali kuti mwatopa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale la ku Maryland. Ntchito zapakhomo zigawidwe, a Bester manja ali nawo. Mugwirizanenso mwezi woti iwo ndi akazi awo apeze pawo, ndipo wokawauza akhale amene anawaitana.

Koma chenjerani, mkwiyo wanu usagwere apongozi. Mayiwo anawoloka nyanja kudzakhala ndi mwana wawo, ndipo madzulo alionse nawonso amangomuonera pawindo.