Nsalu Zovunda za Angerezi

Lachinayi, ku Lang'ata. Lero ndatsala kukamwa kuli yasa.

Mabulangete omwe ndinaitanitsa afika pasitima yapamadzi kudoko la Mombasa atanyowa, ndipo abwana diso lili pa ine. Woyendetsa sitimayo walumbira kale pachikalata kuti wolakwa ndi namondwe. Ndinapsa mtima, koma a Gondwe, loya wa muofesi mwathu, anangoseka. Anandionetsa pafoni chithunzi cha pepala la zaka mazana anayi zapitazo. Sitima ya Angerezi itafika ku Italy ndi nsalu zovunda, woyendetsa anathamangira kukalumbira chimodzimodzi, mwini nsalu akukakamira kuti sitimayo inali yobooka kale.

"Mlandu wanuwu ndi wachikalekale, mayi," anatero.

Pobwerera kunyumba mumatatu, minibasi ya kuno, ndinkangoganizira za pepala lija. Anthu onsewo anafa, nsalu zinaola, koma mkangano wawo ulipobe, ndipo mawa ukundidikira padesiki panga. Kaya amene anaitanitsa nsaluzo anamusiya pantchito, kaya...