Mayi Wothandiza Pakhomo

Lachisanu, ku Balaka. Ndafika bwino, koma mtima ukundiwawabe.

Dzulo linali tsiku langa lomaliza ku Lilongwe, komwe ndatha mwezi wathunthu ndikusamalira mlamu wanga ndi khanda lake. Mwamuna wake, yemwe ndi mlongo wanga wamng'ono Yusufu, anati, "Achemwali, simungabwerere ku Ngokwe musanaione tauni." Anandizungulitsa pagalimoto, kundionetsa nyumba zosanjikizana ndi misewu yodutsa m'mwamba. Ndinakondwa ngati mwana.

Kenaka tinalowa mu lesitilanti. Atabweretsa mpunga ndi nkhuku, ndinapempha madzi osamba m'manja, foloko n'kuikankhira pambali. Ndili mkati modya, anatulukira anzake awiri a kuofesi. Mmodzi anafunsa, "Nanga awa ndi ndani?"

Yusufu anayang'ana zala zanga zamafuta, nati, "Ndi mayi amene amatithandiza pakhomo."

Ine, amene ndinamulera kumsana amayi atamwalira! Ndinangomwetulira.

M'mawa uno pa depoti ya basi, Yusufu wandipatsa chitenje chatsopano, maso ali pansi. Chili m'chikwama, sindinachifunyulule n'komwe. Mawa ndikafika kumudzi, abambo akandifunsa za mwana wawo, ndidzati ali bwino, wanenepa. Koma akafunsa ngati amatikumbukira...