Mawu anayi amene ndinasunga

Amayi,

Kodi mukupeza bwanji uko muliko? Ife kuno ku Nambuma tilipo. Chimanga chachita ndithu chaka chino, koma fodya theka anaola, mvula inamupeza m'chigafa chodontha chija. Mpongozi wanu wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Esinati. Kulira kwake, ee, mawu watengera inu.

Koma chimene ndakulemberani ndi china. Mukukumbuka mmene ndinkadzazira makope ndi mavesi a rapu? Nthawi ya makaseti ija munthu unkaloweza nyimbo yonse, chifukwa ukalakwitsa liwu limodzi kumapeto, basi kuyambiranso. Inu mukuswa mtedza pakhonde munkati, "Iwe Yohane, nyimbo yolemba ngati homuweki ingakome bwanji?" Zanu munkangopeka pomwepo, lero mawu ena, mawa ena. Ine ndinkati zimenezo n'zachimidzi.

Kenako kunabwera makompyuta. Mnzanga wina anatsegula situdiyo kuseri kwa chigayo ku Nsaru, tinkajambula chigayo chikazima. Makope tinawataya. Umangoima pa maiki, kutulutsa mzere umene wabwera m'mutu, kuujambula, kuganiza wina, makina n'kulumikiza. Ndinayamba kupeka ngati inu ndendende, koma kuvomera pamaso panu, ayi, ndinali ndi matama.

Tsiku lija ndinakukwezani panjinga kupita kumeneko, munavala chitenje chanu chopitira kutchalitchi. Ndinkafuna mawu anu pa kolasi chabe. Inu munatseka maso n'kuyamba. Munaimba za abambo, mmene anapitira ku esiteti ya fodya osabwerako. Munaimba za akulu anga awiri amene anamwalira ine ndisanabadwe, mukuwatchula mayina mmodzimmodzi. Pakhomo simunkawatchula konse. Tsiku limenelo lokha ndi limene munatero, ndipo munaimba mpaka chigayo chinaliranso.

Nanga ine ndinkamva? Mutu wanga unali pa biti, ng'oma za m'kompyuta zija. Mulungu andikhululukire, ndinakuuzani kuti nyimboyo yatalika, sikukwana. Tinadulapo mawu anayi okha, "Bwerani, mvula yayamba kale," n'kuwaika kuti azingobwerezabwereza. Zotsalazo tinafufuta, ati kompyuta yadzaza, ndipo amene anadina ndine. Munamanga chitenje chanu n'kunena, "Mwatenga kamutu kokha, eti?" Ndinaseka, Amayi. Ndinaseka ndithu.

Nyimboyo inatchuka, mpaka lero imalira m'maminibasi. Anthu amayesa ndi yokumbutsana kubzala. Ena amavina.

Lachiwiri masana Esinati anavuta, amake ali kumjigo. Ndinamunyamula ndikuti ndimuimbire nyimbo ya agogo ake. Ndinaimba mawu anayi aja, basi ndinaima. Ndinabwereza, ndinaimanso pomwepo, ngati makina. Ndinayesa kukumbuka mayina a akulu anga, ngakhale limodzi silinabwere. Kumanda kulibe cholemba chilichonse, mitumbira inafafanizika kalekale. Munandipatsa mayinawo m'manja, ine n'kuwataya chifukwa sankagwirizana ndi ng'oma. Ndinalira kuposa mwanayo. Zimandiwawa, Amayi, ndipo ndilibe womuloza chala.

Poti inu munatisiya, ndafunsa akuluakulu a kumpingo, akuti papita nthawi, ana anali aang'ono kwambiri. Watsala munthu mmodzi, mng'ono wanu wa ku Kabudula. Koma nawonso mutu wayamba kuwathawa, mwezi watha ananditcha dzina la abambo. Akuti amakumbuka zakale akayamba kuimba, ndiye mwina, mwina.

Loweruka ndikupita. Sinditenga biti iliyonse. Ndikaika foni pamphasa kuti izijambula, n'kukhala pansi. Atsokomole, aiwale, ayambirenso kakhumi, aimbe mpaka dzuwa lipendeke, sindidula kanthu. Ndikulonjeza kuti mwana uyu adzakula akudziwa kuti bambo ake sanali woyamba kubadwa.

Ndimakukondani, Amayi. Mundikhululukire.

Ine mwana wanu wosamva,
Yohane