Tepi ya Malume

Lolemba, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Makina oyezera BP aja anafika, ndipo andichititsa manyazi m'nyumba mwanga momwe. Munanena kuti ndi a malume, ndiwayeze akabwera. Anabweradi, akuti angogona masiku awiri. Nditatulutsa makinawo anapinda manja n'kunena kuti thupi lawo silinawadandaulirepo. Ndiye ine, monga munthu wopita kusukulu, ndinati ndiwaonetse kuti sizipweteka. Ndinakwinya malaya, ndinamanga lamba uja pamkono, n'kudina batani uku ndikuwaphunzitsa za mchere ndi mafuta. Nambala imene inatuluka sindilemba pano. Ndinu namwino, mungasiye odwala anu n'kukwera ndege.

Ndinati mabatire ndi akale. Mlamu wanu anatulutsa atsopano m'kabati. Nambala inakwerako pang'ono.

Malume anavala magalasi, anasuzumira, ndiye amvekere, "A Masamu, makinawa ndi anga kapena ndi anu?" Madzulo ake anamasula chikwama chonse n'kupachika majekete awo m'chipinda cha alendo. Mwezi watha ali pano.

Mukudziwa kuti ku ofesi ndili kugawo lowerengera imfa. Chaka chilichonse timatulutsa lipoti la zimene zikupha anthu, kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono. Malume amati ine ndi iwo tinkagwira ntchito imodzi, kungoti iwo ankawerenga ndi matabwa. Shopu yawo ya mabokosi a maliro anaigulitsa kale, koma pakamwa sanapume. Tikakhala pakhonde amayamba. Akuti atangoyamba ntchito ankakhoma timabokosi tating'ono, toti bambo amanyamula m'khwapa, ta chikuku ndi kutsegula m'mimba. Kenako zinafika zaka zija za Edzi, pamene ankakhoma mabokosi aatali koma opyapyala, a anyamata ndi atsikana, mpaka misomali inkatha m'masitolo. Mankhwala atabwera anachotsa antchito ena. Chakumapeto, akuti, oda inasintha: mabokosi otakata, a azibambo a mataye amene dzulo lake anali ku ofesi.

Ndinawauza kuti lipoti lathu likunenanso zomwezo. Imfa za ana zatsika, za Edzi zatsika, pamene BP, shuga, khansa ndi ngozi zapamsewu zikukwera makwerero. Ndinawaonetsa mpaka mizere yake pakompyuta, wina wotsika, wina wokwera. Anayang'ana wokwerawo nthawi yaitali.

"Iwe uli pati pamenepa?"

Ndinawafotokozera kuti mzere sunena za munthu mmodzi, umanena za mtundu wonse. Anavomera ndi mutu, n'kupempha tiyi wina.

Kukhala ndi malume ndi ntchito, achemwali. Amadzuka nkhuku zisanatsike, amatsegula wailesi kuti amve mauthenga a maliro, ndipo akamva dzina lodziwika amagogoda kuchipinda kwathu kuti nafenso tidziwe. Ndikagwira botolo la mchere amatsokomola. Ndikaimika galimoto pafupi ndi khomo amafunsa ngati miyendo ndinaibwereketsa. Nditawafunsa mwaulemu ngati kunyumba sakuwasowa, anati nkhuku zawo zikudziwa pogona. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma awa ndi mvula ya chiperoni.

Za chipatala ndinkangoti mawa. Si mantha ayi, lipoti la chaka chino linali litatipanikiza. Komanso mutu umene unkandiwawa kunkhongo unkasiya ndikamwa panado. Zoti chaka chamawa ndikwanitsa zaka zimene bambo anali nazo tsiku limene anagwa pokwerera basi, sindinkaziganizira kwenikweni. Imfa yawo ku ofesi kwathu ikanalowa m'gulu la zosadziwika bwino, chifukwa pepala linangoti anamwalira mwadzidzidzi. Gulu limenelo timalida, limatiwonongera mizere.

Loweruka lina m'mawa ndikumwa tiyi, malume anatulukira ndi tepi yawo yakale ija, yachitsulo, yothothoka manambala. Anati ndiimirire. Ndinkayesa akufuna kuyeza windo. Anaika tepi paphewa ili mpaka ili, kenako kuyambira pamutu mpaka kuchidendene, pensulo ili kukhutu, akuwerenga manambala chapansipansi.

"Mukutani malume?"

"Ima bwino. Matabwa adula masiku ano, munthu umayenera kudziwiratu."

Mlamu wanu anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja. Anati, "Muonjezereko pamimba, malume, akukulabe." Tonse tinaseka. Iye analowa kukhitchini n'kutsegula mpopi, ndipo madzi anathira nthawi yaitali popanda mbale kulira.

Malume anapinda tepi pang'onopang'ono. "La bambo ako ndinakhoma ndekha," anatero. "Anyamata ndinawauza kuti asakhudze. Mapewa ake ndi awa ndi amodzi, sindinafunikenso kulemba. Ine ndinasiya ntchito, mphwanga. Usandibwezerenso ku shopu. Mwambo wake ndi woti iwe ukandisankhire langa, ndipo usakasankhe lotchipa."

Lolemba lake tinapita kuchipatala. Anakhala pabenchi pambali panga, chipewa pamaondo, ngati mayi woperekeza mwana ku sikelo. Adokotala anandiyeza kawiri, anandifunsa ngati m'banja mwathu alipo amene anafa mwadzidzidzi, kenako anafunsa ntchito yanga. Nditawauza anavula magalasi n'kundiyang'ana. Ndinapatsidwa mapilitsi, limodzi m'mawa uliwonse, akuti mpaka kalekale. Ndisanatuluke ndinapempha kuti ayezenso malume, kuti nanenso ndipezeko potonthozera mtima. BP yawo ndi ya mnyamata wosewera mpira. Akhala akuuza aliyense, mpaka wogulitsa nyuzipepala.

Ndinkaganiza kuti anyamuka mawa lake, koma anati mbewu siikhulupirika isanamere. M'mawa uliwonse amakhala moyang'anana nane mpaka ndimeze, ndiye amati nditsegule pakamwa. Munthu wa madigiri awiri, achemwali. Madzulo amandiyendetsa wapansi mpaka kumalekezero a msewu wathu, iwo patsogolo. Nambala ija yayamba kutsika. Sinafike pamene mungakondwere, koma mzere ukuloza pansi, ndipo za mizere ndimazidziwa.

Lero ndi pamene alengeza kuti akupita. Ndikulemba pano akutsanzika kachitatu. Koyamba anafika pageti n'kubwerera chipewa. Kachiwiri anabwerera kudzauza mlamu wanu kuti akaona ndikuzemba awaimbire, akuti chikwama sakachimasula akafika kwawo. Makina anu akuti awasiya kwa mwini wake. Botolo la mchere sindikuliona patebulo, ndipo thumba la jekete lawo latupa mbali imodzi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Mukamaimba foni kwa amayi musatchule nkhaniyi. Ndipita ndekha kumapeto kwa mwezi ndikawauze ndili chiimire pamaso pawo, andione kuti ndine wathunthu. Chachiwiri, inunso mumange lamba ameneyu pamkono panu. Mumayeza anthu tsiku lonse, koma sindinamvepo mukutchula nambala yanu, ndipo bambo anali a tonse awiri.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Anawo muwauze kuti ine malume awo ndikufuna ndidzavine pa maukwati awo onse, choncho asafulumire, komanso asachedwe kwambiri. Mlamu wanu akuti zikomo chifukwa cha makina. Wanena kawiri.

Geti lalira tsopano. Ndasuzumira pawindo, akutsika msewu osacheuka, chikwama paphewa. Tepi aisiya patebulo langa, pafupi ndi mapilitsi. Sindiwathamangira.

Ndine mlongo wanu,
A Masamu